Dzina la a Nachisale Ndinalemba Ndine

Ndinadandaula koyamba Lachiwiri la sabata yachiwiri ya Marichi, zaka zitatu zapitazo. Kalata yachiwiri ndinakapereka kutatsala masiku ochepa kuti tichite Pasaka chaka chomwecho. Yachitatu inapita mu Juni, yachinayi mu Febuluwale chaka chotsatira. Mpaka chaka chino chisanafike pakati, makalata anga anali atakwana asanu ndi awiri. Kope ya iliyonse ili m'sutikesi yachitsulo pansi pa bedi langa, ndipo pa iliyonse pali chidindo cha ofesi chosonyeza kuti inalandiridwa. Ndayamba ndi masiku amenewa kuti inu owerenga musandiyese nkhalamba yolankhula za m'mutu. Koma ndivomere pomwe pano kuti mwa mapepala onse amene anadutsa m'manja mwanga, lilipo limodzi limene pa nthawi yake sindinawerenge, ndiponso sindinapemphe kope yake. Pepala limenelo ndi limene linachotsa akazi anga pakhomo pawo. Ndinalidzaza ndi dzanja langali.

Ndimakhala m'mudzi wina m'boma la Kasungu, cha kunjira ya ku Kapelula. Ndinagwira ntchito ya ukalaliki pamsika wogula mbewu kwa zaka zambiri, ndipo nditapuma ndinayamba kulima fodya wa bale, uja timangoumitsa ndi mphepo m'chigafa. Ukalaliki unandisiyira chizolowezi chosataya pepala. Ndili ndi lisiti ya wailesi imene inafa kalekale. Ndili ndi makhadi a kusikelo a ana anga onse, ngakhale iwowo tsopano ali ndi ana awo. Kalata iliyonse ndimalemba nditaika kaboni pansi, moti anthu a m'mudzi muno anandipatsa dzina loti a Kaboni. Amanena mondiseka, koma ine ndinkalimva kukoma.

Mudzi uno si wanga. Ndine mkamwini, ndinabwera kudzakwatira a Nachisale zaka makumi anayi ndi zisanu ndi ziwiri zapitazo. Munda ndi wawo, malo a nyumba ndi awo, ndipo mayi awo ndi agogo awo agona kumanda a kuseri kwa dambo. Muisunge mfundo imeneyi, chifukwa ndi imene ikukulitsa mlandu wanga. A Nachisale anali ndi chifuwa cha mphumu kuyambira ali mtsikana, koma chinali chofatsa. Chinkabwera nyengo yozizira yokha, n'kupita.

Zaka zisanu zapitazo, esiteti imene tinachita nayo malire inagulidwa ndi munthu wina. Mwini watsopanoyo sitinamuonepo. Amene tinamuona ndi kapitawo wake, mwamuna wonenepa woseka ndi aliyense, amene anaitanitsa msonkhano pabwalo la sukulu. Anabwera ndi mbuzi ziwiri, mpunga, mabanzi ndi zakumwa za m'mabotolo. Amayi anapatsidwa ntchito yophika kuseri kwa makalasi, ndipo a Nachisale ndiwo ankatsogolera. Ife amuna tinakhala pamabenchi. Kapitawo anati esiteti isiya bale, iyamba fodya uja amawotcha m'mabalani, ndipo ntchito zidzachuluka. Anati adzatikumbira mjigo. Za utsi ananena mawu amodzi okha, oti udzakhala ngati wa kukhitchini. Palibe anafunsa kuti mabalaniwo adzamangidwa mbali iti. Inenso sindinafunse.

Atamaliza kulankhula anatulutsa kathabwa kokhala ndi chopanira chachitsulo pamwamba, katapanira mapepala a mizere. Anati akufuna mayina a anthu onse amene abwera, kuti bwana wake akakhulupirire kuti mbuzi zija zadyedwa ndi mudzi, sanazibe iye. Anthu anaseka. Kenako anati wamva kuti m'mudzi muno muli bambo wa malembedwe okongola ngati a makina, kodi ali kuti? Anthu onse anacheukira kwa ine. Inu owerenga, mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi. Ndinaimirira, n'kukonza jekete, n'kutulutsa cholembera changa m'thumba la pamtima, chake cha kapitawo ndinachikana.

Oyamba anayi kapena asanu anasaina okha. Koma mzere unkayenda pang'onopang'ono, fungo la nyama linali litafika pabwalo, ndipo anthu anayamba kufuula ali chapatali kuti a Kaboni, ingotilemberani, mayina athu mukuwadziwa. Ndinalemba. Pamalo a dzina ndinkalemba dzina, pamalo a saini ndinkaika zilembo zoyamba za dzinalo, mwina kamtanda. Nditamaliza amuna, kapitawo anati nanga amayi akuphikawo, asawerengedwe? Ndinati musavutike, onsewo ndikuwadziwa. Ndinawalemba mmodzimmodzi kuchokera m'mutu, ndili wonyadira kuti sindinaphonye ndi mmodzi yemwe. Chopanira chija chinali chitaphimba kumutu kwa pepala loyamba. Ndinachiona. Chala chimodzi chikanakwanira kuchitukula. Sindinachitukule, chifukwa maso anga anali pa malembedwe anga.

Chaka chotsatira mabalani anamangidwa, khumi ndi awiri, mumzere umodzi tsidya la dambo, moyang'anizana ndi nyumba yathu. Mjigo unakumbidwadi, ndisanamize munthu. Chaka choyamba ankasonkha nkhuni, ndipo utsi wake unali woti munthu n'kupirira. Koma mitengo ya pa esiteti inatha msanga, ndipo boma linali litakhwimitsa lamulo loletsa kudula mitengo yachilengedwe. Malole a nkhuni ankagwidwa panjira. Lamulo limenelo ndi labwino, ine sinditsutsana nalo. Koma chimene chinabwera m'malo mwa nkhuni chinali malole a matayala akutha ndi migolo ya oilo wakuda wochotsedwa m'magalimoto.

Amene anatiuza zoona zake ndi alamu anga a Yobe, mchimwene wawo wa a Nachisale, amene analembedwa ntchito yosonkhezera moto m'mabalanimo. Anati matayala amawadula zidutswa, n'kumaziponya pansi pa zikuni, ndipo moto ukafooka amathira oilo. Nditawafunsa chifukwa chake akugwirabe ntchito yotero, anati, “Alamu, ine ndikalavula zimatuluka zakuda ngati phula, ndikudziwa. Koma kwanu kumabwera penshoni, kwanga kumabwera adzukulu.”

Amene simunakhalepo pafupi ndi utsi wa matayala, simungaudziwe. Suyenda m'mwamba ngati wa nkhuni. Umatsika, n'kuyala padambo, n'kukwera kubwera kumudzi mphepo ikangotembenuka. Kuyambira Febuluwale mpaka Epulo moto wake suzima. Ufa woyanika pamphasa unkachita timadontho takuda. Madzi a m'ndowa ankachita kachikopa pamwamba. Malaya oyera a kutchalitchi tinasiya kuyanika panja. Kummero kunkawawa ngati wameza tsabola. Ndipo mphumu ya a Nachisale, ija inkabwera mu Juni yokha, inayamba kubwera mu Marichi n'kukhazikika. Ankati akasesa pabwalo pang'ono, n'kukhala pansi atagwira pamtima, m'chifuwa mukulira ngati kamwana ka mphaka.

Ndi pamene ndinayamba makalata aja. Ndinafufuza n'kupeza kuti ku boma kuli ofesi imene imalandira madandaulo otere, komanso kuti malamulo oteteza mpweya umene timapuma alipo. Ndinkanyamuka m'mamawa pa kabaza, n'kukakwera galimoto pamsewu, n'kukapereka kalata pamanja. Sindinkachoka mpaka atadinda pa kope yanga. Nthawi zonse ankandiuza kuti nkhaniyo akuiunika. Nditafunsa kuti adzabwera liti kudzaona, anati nyengo ya mvula msewu wathu sudutsika, ndiponso galimoto ya ofesi ndi imodzi.

Anabweradi, koma mu Sepitembala. Mabalani anali atazizira miyezi inayi. Pabwalo pake anali atasesa, ndipo pambali anaunjikapo mulu wa nkhuni za bulugama wooneka bwino. Alendowo anapachika kachipangizo kawo pamtengo wa mango wa pakhomo panga, anadikira, analemba, anapita. Patatha milungu isanu ndinalandira yankho, lokhalo limene ndinalandirapo, lonena kuti mpweya wa m'mudzi mwathu aupeza wabwino. Ndinayankha tsiku lomwelo kuti kuyeza utsi wa mabalani mu Sepitembala kuli ngati kukwera mumtengo wa mango mu Juni n'kulengeza kuti mtengowo subala. Kalata imeneyo sinayankhidwe. Ndinkayenda m'mudzi ndili wotupa ndi mkwiyo, n'kumauza aliyense kuti m'dziko muno anthu amasaina zinthu osawerenga, ndipo amalemba zimene sanaone. Ndinkanena zimenezo ine.

Marichi wa chaka chino, Loweruka m'mawa, a Nachisale ankayala ufa pamphasa. Ine ndinali m'chigafa. Ndinamva beseni likugwa. Nditatuluka ndinawapeza atagwada, manja ali muufa, kukamwa kuli yasa koma mpweya osalowa. Milomo inali itada. Kamankhwala kawo kopopera m'kamwa sikanathandize. Tinawakweza panjinga yamoto, ine nditawagwira kumbuyo, mutu wawo uli paphewa langa, ndipo njira yonse ndinkawerenga kupuma kwawo. Anagonekedwa m'chipatala masiku anayi. Powatulutsa adokotala anandiitanira pambali n'kundiuza mosabisa kuti akabwerera kuutsi umenewo, ulendo wina sitidzafika nawo. Mwana wathu Eliza, amene anakwatiwa ku Nkhamenya, anabwera n'kuwatenga kuchokera kuchipatala komweko. Sanafike n'komwe kunyumba kudzatenga zitenje zawo. Ndinawatumizira ine.

Zaka makumi anayi ndi zisanu ndi ziwiri sitinasiyanepo kupitirira sabata. Tsopano ndinatsala ndekha m'mudzi wa eni, mkamwini wolondera nyumba, mwini wake atathamangitsidwa ndi utsi.

Mu Epulo ndinavala jekete, ndinanyamula makope onse asanu ndi awiri ndi chikalata cha kuchipatala, n'kupita ku boma nditatsimikiza mtima kuti sindibwerako chabe. Ndinapeza pa desiki paja pali munthu watsopano, mayi wa msinkhu wa Eliza. Anandipatsa mpando, anandimvetsera mpaka ndinatha mawu. Kenako anatulutsa failo yathu m'kabati. Anandiuza kuti kuwotcha matayala ndi oilo motero n'kosaloledwa, ndipo ofesi ili ndi mphamvu zoletsa. Ndinamufunsa kuti nanga zaka zitatu zonsezi mphamvuzo zinali kuti. Anati dandaulo langa loyamba litafika, a esiteti anafunsidwa, ndipo anayankha kuti mudzi wonse unafotokozeredwa za mabalani ndi utsi wake, unavomera, ndipo wodandaulayo ndi munthu mmodzi amene ali ndi zifukwa zake. Kuyambira pamenepo makalata anga ankangoikidwa pambuyo pa yankho limenelo.

Ndinamenya pa desiki. Ndinati limenelo ndi bodza lamkunkhuniza, palibe tsiku limene mudzi wathu unavomera chinthu chotere, ndipo amene analemba zimenezo amangidwe. Mayiyo anatsegula failo pakati, n'kuitembenuzira kwa ine.

Inu owerenga, munthu amadziwa malembedwe ake monga adziwira nkhope ya mwana wake. Ndisanawerenge liwu ndi limodzi lomwe, ndinaona N wanga wa kamchira, ndinaona 7 wanga wodula pakati. Masamba atatu, mayina kuyambira pamwamba mpaka pansi, oongoka ngati mizere ya fodya. Kumutu kwa tsamba loyamba, paja panali chopanira, panali mizere itatu ya Chingerezi ya timalemba ting'onoting'ono. Chingerezi ndimachidziwa. Inkanena kuti ife osaina pansipa tafotokozeredwa za malo a mabalani, za utsi ndi zina zotuluka m'menemo, ndipo tilibe chotsutsa. Maso anga anatsika okha ndi mzerewo mpaka pa nambala 41. Panali dzina la a Nachisale, ndi kamtanda pambali pake.

Zaka zitatu ndinkasaka munthu amene anatigulitsa, ndinkamutukwana m'makalata, ndinkamupempherera chilango, ndipo munthuyo ndinkamumeta ndevu m'mawa uliwonse.

Mayi uja anatenga kalata yanga imodzi n'kuiika pambali pa mayinawo. Anafunsa motsitsa mawu kuti, “Bambo, mayina onsewa analemba ndi munthu mmodzi. Kodi mukumudziwa?” Ankadziwa kale. Ndinati ndine. Anandiuza kuti pepala losainira ena si chilolezo chenicheni, ndipo ngati ndingalembe kuvomera zimene ndinachita, n'kubweretsanso pepala lina limene anthu asaina okha kapena kudinda chala chawo, iye adzayesetsa kuti nkhaniyo iyambidwenso, ndipo oyeza adzabwere moto uli kuyaka. Sanandibisire kuti kusainira anthu ena ndi mlandu, ndipo kuvomerako kungandibweretsere mavuto. Ndinati ndamva. Kenako ndinapempha kope ya masamba atatu aja. Ndinaipempha patatha zaka zisanu.

Lamulungu lotsatira, mapemphero atatha, ndinapempha anthu kuti atsale pang'ono panja pa tchalitchi. Ndinawawerengera mizere itatu ija m'Chichewa, n'kuwauza kuti wolemba mayina anali ine. Ndinkaganiza kuti akwiyira esiteti. Anakwiyira ine, ndipo sindiwaimba mlandu. Wina anati iwo anandituma kulemba za mbuzi, osati za utsi. Wina anati a Kaboni atha kaboni tsiku lomwe amafunika. Nditatulutsa pepala latsopano, anthu anayamba kubalalika ngati ndatulutsa njoka. Ena ankaopa ntchito za ana awo ku esiteti. Ena anangoti dzanja langa analiona kale, sakufuna kuliwonanso. A Yobe anatsala pomaliza. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kunsapato, n'kunena kuti, “Alamu, tinakupatsani mchemwali wathu ndi munda womwe. Inu mwamusinthanitsa ndi banzi.” Ndinabwerera kunyumba pepala lili loyera.

Panatsala munthu mmodzi woti ndimuuze, ndipo ndinazengereza miyezi iwiri. Pafoni ndinkangofunsa za chifuwa, iwo n'kumandifunsa za nkhuku zawo. Mu Juni ndinakwera basi kupita ku Nkhamenya. Ndinawapeza pakhonde la Eliza masana, akusenda mtedza, atanenepako, akupuma bwinobwino ngati kale. Adzukulu anali atawaphunzitsa timawu ta Chitumbuka, ndipo a Nachisale anandilonjera nato akuseka. Ndinalakalaka nditabwerera osanena kanthu. Koma ndinatulutsa masamba aja n'kuwaika pamiyendo pawo, chala changa chili pa nambala 41.

Anapukuta manja pachitenje, anayandikitsa pepala kumaso, n'kuwerenga dzina lawo pang'onopang'ono. Anati limeneli si dzanja lawo. Ndinati ndi langa, n'kufotokoza zonse, za chopanira ndi za mizere itatu. Sanalire, sanakalipe. Anatenga mtedza wina n'kuusenda, n'kutenganso wina. Kenako anati, “Bambo a Eliza, zaka ziwiri ndinkapita kusukulu ya kwacha, inu mukundiseka kuti N wanga akufanana ndi mpando wothyoka. Dzina langa ndimalemba ndekha. Tsiku lija ndinali kuseri kwa kalasi, poti mukanangoitana ndikanamva.”

Ndinati ndinkafuna kuti asavutike kusiya miphika.

Anati, “Mukanandivutitsa. Ine ndikanamufunsa wonenepa uja kuti mabalaniwo amanga mbali iti. Amene amayanika ufa ndiye amadziwa kochokera mphepo. Inu amuna munakhala pabenchi tsiku lonse, palibe anafunsa?”

Anandifunsa ngati ndabweretsa pepala latsopanolo. Anandiuza kuti ndiwerenge mokweza kuyambira kumutu, ndipo nditamaliza anati ndibwereze. Anandisinthitsa mawu amodzi: pamene ndinalemba kuti utsi ukutisowetsa mtendere, anati ndilembe kuti ukutidwalitsa, chifukwa mtendere amasowetsa ndi agalu. Kenako anatenga cholembera changa n'kulemba dzina lawo pamzere woyamba. Zinawatengera nthawi. N wawo anali wopendekeka monga kale. Sindinaonepo chilembo chimene chinandichititsa manyazi ngati chimenecho.

Pondiperekeza kumsewu anandiuza chinthu china. Anati mvula yoyamba ikagwa akubwera kudzadzala mtedza m'munda mwawo, ndipo sadzachokanso. Ndinawakumbutsa mawu a adokotala. Anati anawamva, koma iwo sangakalambire pakhonde la mkamwini wawo ngati alibe kwawo, ndipo ngati n'kufa akafera pafupi ndi mayi awo. Eliza anayesa kuwaletsa mpaka analira. A Nachisale akanena chinthu, chatha.

Nditabwerera kumudzi sindinayendenso ndi pepalalo ndekha. Ndinalipereka kwa amayi a chigwirizano cha kutchalitchi kwathu. Ataona dzina la mnzawo pamwamba, lolembedwa ndi dzanja limene akulidziwa, anayamba kusaina. Amene salemba anadinda chala, wina akuwawerengera kaye mutu wake. Anakwana khumi ndi asanu ndi anayi, amuna atatu okha. A Yobe sanasaine. Koma tsiku lina masana anadutsa pakhomo panga n'kuponya kathumba pakhonde, osaima. Anangoti, “Izo simunazitenge kwa ine.” Munali mawaya opsa, aja amakhala m'kati mwa tayala, ofukulidwa m'phulusa la balani.

Mu Ogasiti ndinakapereka zonse: kalata yovomera kulakwa kwanga, pepala la mayina khumi ndi asanu ndi anayi, ndi kathumba ka mawaya. Anadinda pa kope yanga. Nditafunsa za mayi uja, anandiuza kuti anasamutsidwira kuboma lina. Amene ndinamupeza analandira zinthuzo mwaulemu, n'kundiuza kuti nkhaniyo aiunika.

Mvula yoyamba inagwa masabata awiri apitawo. A Nachisale anafika Lachinayi, ndi kachikwama kamodzi. Adzala kale mtedza wawo. Pamene ndikulemba pano ali panja akukalipira nkhuku, ndipo mawu awo ndi amphamvu. Tsidya la dambo fodya wa esiteti wagwira bwino. Dzulo ndaona lole itatsitsa matayala kuseri kwa mabalani, ndipo ndalemba tsiku ndi nthawi yake. Febuluwale sali patali.

Tsono inu owerenga, mundimvere ine amene ndapsa. Pepala lililonse limene akupatsani pamsonkhano, kaya akuti ndi la chakudya, kaya ndi longowerengera anthu, tukulani chopanira muone kumutu kwake. Ngati simuwerenga chilankhulo chake, musachite manyazi kuuza wina kuti akuwerengereni mokweza anthu onse akumva. Pemphani kope yake musanadye. Musalembere munthu dzina, ngakhale atakupemphani yekha, ngakhale ndi mkazi wanu amene mwagona naye nyumba imodzi zaka makumi anayi. Muitaneni abwere, chifukwa mwina funso limene lingapulumutse mudzi lili m'kamwa mwa amene mwamusiya kumiphika. Ndipo inu odziwa kulemba m'midzimu, chenjerani akayamba kukutamandani. Ine sanandinyenge ndi mbuzi. Anandinyenga ndi malembedwe anga.

Kwa a ofesi imene inalandira makalata anga, ndikudziwa kuti nkhani ngati ino mumawerenga, ndipo failo yake muizindikira. Ndikupempha mwaulemu, monga nzika, kuti muyankhe molemba mwezi wa Januwale usanathe pa mfundo izi. Choyamba, ngati pepala la mayina limene ndinadzaza ndekha lachotsedwa m'failo ngati chilolezo cha mudzi. Chachiwiri, tsiku limene oyeza mpweya adzabwere, ndipo likhale tsiku limene mabalani akuyaka; ngati galimoto singadutse, ndidzawadikira pamsewu ndi njinga zamoto. Chachitatu, ngati matayala amene atsitsidwa dzulo adzaloledwa kulowa pamoto. Za mlandu wanga wosainira ena, ndili pakhomo, jekete ndapachika pamsomali, mukandifuna mundipeza.

Yankholo musalembere ine. Mulembere a Nachisale, dzina loyamba pa pepala la mu Ogasiti. Mudzi ndi wawo, chifuwa ndi chawo, ndipo adzasainira okha kuti alandira.